Mmene Anthu Anafalikira pa Dziko Lonse

Chiyambi chili mu Africa

Anthu onse amene ali ndi moyo lero, kaya ndi akuda kapena oyera, ndi a mtundu umodzi. Asayansi amautchula kuti Homo sapiens. Mafupa akale kwambiri a mtunduwu anapezeka kuno ku Africa. Ku Jebel Irhoud, m'dziko la Morocco, anafukula zigaza za zaka pafupifupi 300,000. Ku Omo Kibish, m'dziko la Ethiopia, gulu la Richard Leakey linapeza mafupa mu 1967, ndipo mafupawo ndi a zaka zoposa 200,000.

Nthawi imeneyo kunalibe munda, kunalibe khola. Anthu ankasaka nyama, kutola zipatso ndi kukumba mizu. Mipeni ndi nsonga za mikondo ankasema kuchokera ku miyala. Zida zamiyala zoterezi zapezeka zambirimbiri ku Karonga, kumpoto kwa Malawi.

Kutuluka

Tisaganize kuti tsiku lina anthu anamanga katundu n'kunena kuti, “Tiyeni ku Asia.” Ayi. Mayiko amenewo sankawadziwa n'komwe. Madzi akaphwa kapena nyama zikachepa, banja linkasunthira kutsidya kwa phiri. Ana akakula ankasunthanso pang'ono. Mibadwo inkapita, ndipo adzukulu a adzukulu anapezeka ali kutali kwambiri ndi kumene makolo awo anabadwira.

Magulu ena anatuluka kale kwambiri. M'mapanga a Skhul ndi Qafzeh, ku Israel, munapezeka mafupa a zaka pafupifupi 100,000. Koma anthu a ku Asia, Ulaya ndi America a lero anachokera makamaka ku kagulu kochepa kamene kanatuluka zaka 50,000 mpaka 60,000 zapitazo.

Pali mfundo imene imaiwalika kawirikawiri: anthu ambiri sanatuluke. Anatsala mu Africa n'kupitiriza kuchulukana. N'chifukwa chake DNA ya anthu a mu Africa ndi yosiyanasiyana kuposa ya anthu a kontinenti ina iliyonse.

Anapeza kuli ena

Ku Asia ndi ku Ulaya anapeza kuli kale anthu a mitundu ina. Kunali a Neanderthal, anthu ojintcha ozolowera kuzizira. Kunalinso a Denisova, amene fupa la chala cha mmodzi wa iwo linapezeka m'phanga ku Siberia. Mitundu imeneyi inatha, koma isanathe inaberekana ndi alendowa. Lero munthu amene makolo ake ndi a kunja kwa Africa ali ndi magawo pafupifupi 2 pa 100 a DNA ochokera kwa a Neanderthal. Svante Pääbo, amene anatsogolera kafukufuku amene anapeza zimenezi, analandira mphoto ya Nobel mu 2022.

Kuwoloka nyanja

Ulendo wogometsa kuposa wonse ndi wa ku Australia. Nthawi imeneyo dziko linali lozizira. Madzi ambiri anaundana kumpoto, choncho nyanja zamchere zinatsika. Zilumba za Sumatra, Java ndi Borneo zinalumikizana ndi Asia, ndipo munthu akanatha kuyenda wapansi. Australia nayo inali mtunda umodzi ndi New Guinea.

Koma pakati pa mbali ziwirizi nyanja sinaphwepo. Ndi yakuya kwambiri. Anthu anayenera kuwoloka chilumba ndi chilumba, ndipo pena mtunda wa pamadzi unkafika makilomita pafupifupi 90. Umenewu ndi mtunda woposa kutambalala kwa nyanja ya Malawi pamalo pamene yatambalala kwambiri. Analibe chitsulo, analibe mapu. Ndipo sanawoloke amuna awiri kapena atatu okha. Kuti mtundu ukhazikike kutsidyako, panafunika akazi ndi amuna ambiri. Anthu amenewa ankadziwa kupangana, kumanga chowolokera, ndi kusunga madzi akumwa a paulendo. Tiyenera kuwapatsa ulemu.

Pofika zaka 50,000 zapitazo anali atafika. Ku Lake Mungo, mu 1974, anapeza mafupa a mwamuna amene anaikidwa m'manda zaka pafupifupi 40,000 zapitazo. Abale ake anamuwaza dothi lofiira pomuika. Aaborijini a ku Australia ndi zidzukulu za anthu oyambirirawa.

Kumayiko ozizira

Ku Ulaya anthu a mtundu wathu anafika zaka pafupifupi 45,000 zapitazo. Kuzizira anakugonjetsa ndi moto komanso zovala zachikopa. Pambuyo pake anapanga masingano amafupa osokera zovalazo.

America

Pakati pa Siberia ndi Alaska lero pali nyanja. Pamene madzi anatsika, panali mtunda waukulu wa udzu. Anthu anadutsa pamenepo n'kulowa m'dziko limene munalibe munthu chiyambire. Ku White Sands, m'chigawo cha New Mexico, ofufuza anapeza mapazi a anthu odindika m'matope akale, ambiri a iwo a ana ndi achinyamata. Mu 2021 analengeza kuti mapaziwo ndi a zaka 21,000 mpaka 23,000. Ku Monte Verde, kummwera kwa Chile, anthu ankakhalako zaka 14,500 zapitazo.

Zilumba zotsiriza

Zilumba zakutali zinadikira mpaka anthu atadziwa kupanga ngalawa zamatanga. Ena mwa makolo a anthu a ku Madagascar anachokera ku Indonesia, ndipo chilankhulo chawo n'chachibale ndi zilankhulo za ku Borneo. Ku New Zealand, makolo a Amaori anafika cha m'ma 1250 mpaka 1300.