Miyala, Matsache ndi Mabuluku a Thomas Ulsrud

Mu Febuluwale 2010, amuna anayi a ku Norway adalowa m'bwalo la madzi oundana mumzinda wa Vancouver ku Canada atavala mabuluku amawangamawanga, ofiira, oyera ndi abuluu, mitundu ya mbendera ya kwawo. Osewera ambiri a matimu ena anali m'zakuda monga mwa nthawi zonse. Amene adabwera ndi nzeruyi anali Christoffer Svae, mmodzi mwa anayiwo, yemwe adaitanitsa mabulukuwo ku kampani ya ku America yosoka zovala za gofu yotchedwa Loudmouth. Pasanathe masabata awiri, tsamba la pa Facebook lokamba za mabuluku okhawo linali ndi olitsatira oposa 500,000, ndipo ambiri mwa iwo anali asadaonerepo masewera a curling chibadwire.

Mtsogoleri wa timuyo anali Thomas Ulsrud, wa zaka 38. Dziko lidamudziwa chifukwa cha chovala, koma kumukumbukira ndi chovala chokha n'kumulakwira. Pofika tsiku limenelo n'kuti atatha zaka zoposa 20 akuponya miyala m'mipikisano ya mayiko, ndipo chikho chimene ankachifuna kwambiri chinali chikadali patsogolo ndi zaka zinayi.

Curling ndi masewera a matimu awiri, iliyonse ya anthu anayi. Bwalo lake ndi msewu wa madzi oundana wotalika pafupifupi mamita 45, ndipo kumapeto kwake kumajambulidwa mizere yozungulira imene osewera amaitcha nyumba. Wosewera amagwada, n'kudzikankha ndi mwendo, n'kutsetsereka atagwira mwala wolemera pafupifupi makilogalamu 20, kenako amausiya ataupotoza pang'ono chogwirira kuti uziyenda ukuzungulira. Kuzungulirako ndi kumene kumachititsa mwala kukhota n'kukabisala kuseri kwa unzake. Timu iliyonse imaponya miyala 8 pa chigawo chimodzi, ndipo pa mipikisano ikuluikulu zigawo zimakhala 10. Imene mwala wake uli pafupi kwambiri ndi pakati pa nyumba ndiyo imatenga mapointi a chigawocho.

Chimene chimadabwitsa woonera koyamba ndi matsache. Masewera asanayambe, wosamalira bwalo amawaza timadontho ta madzi timene timaundana n'kukhala timatuza, ndipo mwala umayenda pamwamba pa timatuzato. Anthu awiri akamasesa mwamphamvu kutsogolo kwa mwala, pamalopo pamafunda pang'ono, motero mwala umapita patali ndiponso sukhota msanga. Mtsogoleri, amene amatchedwa skip, amaima m'nyumba, amaloza ndi tsache lake pamene mwala ulunjike, amakuwa kuti asese kapena aleke, ndipo kawirikawiri ndiye amaponya miyala iwiri yomaliza. Amaganiza ngati katswiri wa bawo, amene asanatole nkhomo amakhala atawerenga kale kumene zikagonere ndi zimene mnzake achite.

Masewerawa sadayambire ku Norway. Kwawo ndi ku Scotland, kumene kudapezeka mwala wakale wolembedwa chaka cha 1511, ndipo zolemba za ku Paisley Abbey za mu 1541 zimasimba za anthu awiri amene adapikisana kuponya miyala pa madzi oundana. Malamulo adakhazikika bungwe la Grand Caledonian Curling Club litabadwa ku Edinburgh mu 1838. Anthu a ku Scotland osamukira kutsidya la nyanja adapita nawo ku Canada, kumene adafala mpaka kumidzi ya alimi a tirigu. Ngakhale lero miyala ya pa Olimpiki imasemedwa kuchokera ku thanthwe la pa kachilumba ka Ailsa Craig, kufupi ndi gombe la Scotland, chifukwa thanthwelo silimwa madzi ndipo silisweka wamba miyala ikamagundana.

Ku Norway mtima wa anthu uli pa ski. Dzikoli lidapeza mamendulo ambiri pa Olimpiki ya nyengo yozizira kuposa lina lililonse, koma ochuluka ndi a otsetsereka pa chipale ndi othamanga pa madzi oundana. Curling idakhala ya anthu ochepa, m'makalabu owerengeka monga ya Snarøen kufupi ndi Oslo, ndi ya ku Oppdal ndi Lillehammer. Kuchepako kumaonekera m'mayina, chifukwa mabanja omwewo ndiwo amabwerezabwereza. Eigil Ramsfjell anali m'timu ya Kristian Sørum imene idatenga chikho cha dziko lonse ku Bern mu 1979, koyamba m'mbiri ya Norway. Kenako adachitenga yekha ngati mtsogoleri ku Duluth mu 1984 ndi ku Lausanne mu 1988, ndipo curling italandiridwa mokwanira pa Olimpiki ya ku Nagano mu 1998 adabwerako ndi mendulo ya buronzi. M'bale wake Bent Ånund Ramsfjell adadzapeza golide patatha zaka zinayi, ndipo mwana wa Eigil, Magnus Ramsfjell, naye adadzatsogolera timu ya dziko. Kumbali ya amayi, Dordi Nordby adatenga chikho cha dziko lonse kawiri motsatizana, mu 1990 ndi 1991.

Golide wa mu 2002 uja ndi wofunika kumufotokoza, chifukwa nkhani ya Ulsrud idamangika pa iye. Pa Olimpiki ya ku Salt Lake City, timu ya Pål Trulsen idakumana m'ndime yomaliza ndi Canada ya Kevin Martin. Pofika chigawo chomaliza matimuwo anali ofanana mphamvu, ndipo mwala wotsiriza unali m'manja mwa Martin. Ankangofunika kuuika pafupi ndi pakati pa nyumba, ntchito imene adaichitapo kambirimbiri. Mwalawo udapitirira pang'ono chabe, Norway n'kupambana 6-5. Pa benchi la Norway tsiku limenelo padali mnyamata wodikirira wotchedwa Torger Nergård.

Nanga Ulsrud anali kuti? Anali kunyumba. Pa Olimpiki dziko limatumiza timu imodzi yokha ya amuna, ndipo malowo anali a Trulsen. Ulsrud adabadwira ku Oslo pa 21 Okutobala 1971, adayamba curling ali mwana, ndipo mu 1988 adapeza buronzi pa mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse. Mu 1998 adatsogolera Norway koyamba pa mpikisano wa akuluakulu wa dziko lonse ku Kamloops. Luso anali nalo, koma zaka zimene osewera ambiri amakhala pachimake iye adazithera pamzere, poyamba kumbuyo kwa Ramsfjell, kenako kumbuyo kwa Trulsen. Munthu wa mtima wapachala akadasiya. Iye adapitiriza kusewera m'makalabu ndi m'mipikisano ya ku Ulaya, n'kupeza buronzi wa Ulaya mu 2002 ndi wa dziko lonse ku Lowell mu 2006.

Cha m'ma 2007, Trulsen atapuma, padapangika timu imene idadzakhala pamodzi zaka pafupifupi 12: Håvard Vad Petersson woponya miyala yoyamba, Christoffer Svae wachiwiri, Torger Nergård wachitatu, ndi Ulsrud womaliza. M'masewerawa matimu amapasuka kawirikawiri Olimpiki ikangotha, ndiye anthu anayi kukhala limodzi nthawi yaitali chotero si chinthu wamba. Phindu lake limaonekera pa tsache. Wosesa amayenera kudziwa liwiro la mwala ukangochoka m'dzanja la mnzake, mkati mwa masekondi ochepa, ndipo zimenezi zimabwera munthu akaona dzanja lomwelo likuponya kwa zaka.

Ku Vancouver adasewera bwino kuposa mmene mabuluku adalolera anthu kuona. Masewera awo oyamba enieni anali ndi Canada, ndipo adafika nayo m'chigawo chowonjezera asanagonje 7-6. Adapambana masewera 7 mwa 9 a ndime yoyamba, adachotsa Switzerland m'semifainolo, n'kupezeka m'ndime yomaliza ndi Kevin Martin yemweyo, amene adakhala zaka 8 akukumbutsidwa za mwala uja. Ulendo uno Martin sadaphonye. Canada idapambana 6-3, khamu la eni bwalo likuimba nyimbo ya fuko masewera asanathe, ndipo idamaliza mpikisano wonse osagonjako. Ulsrud adabwerera ndi siliva.

Patangotha milungu yochepa padachitika chinthu chimene chimaonetsa mtundu wa timuyo. Mpikisano wa dziko lonse unali ku Cortina d'Ampezzo ku Italy, koma Ulsrud adabwerera kwawo chifukwa cha matenda m'banja. Nergård adatenga udindo, ndipo timu yopanda mtsogoleri wake idafikabe m'ndime yomaliza, kumene idagonja kwa Kevin Koe wa ku Canada. Kumapeto kwa chaka chomwecho, Ulsrud atabwerera, adatenga chikho cha Ulaya ku Champéry, n'kuchitetezanso ku Moscow mu 2011.

Koma wowerenga mndandanda wa mamendulo ake amaona kuti siliva ndi buronzi ndiwo achuluka, ndipo apa mpamene munthuyu amaonekera bwino. Pa mpikisano wa Ulaya adagonja m'ndime yomaliza mu 2007 ndi 2008 kwa David Murdoch wa ku Scotland, mu 2012, 2014 ndi 2016 kwa Niklas Edin wa ku Sweden, ndipo mu 2013 adagonjera pakhomo penipeni, ku Stavanger, kwa Sven Michel wa ku Switzerland. Pa mpikisano wa dziko lonse buronzi adabweranso mu 2008 ndi 2009. Kufika pakhomo la chikho chaka ndi chaka n'kubwerera chimanjamanja kumapasula matimu, chifukwa aliyense amayamba kuloza mnzake chala. Curling ili ndi mwambo wake wolimba: osewera amapatsana moni wa m'manja asanayambe ndi akamaliza, wokhudza mwala ndi tsache amadziulula yekha, ndipo timu yoona kuti zavuta imavomereza kugonja zigawo zisanathe. Ulsrud ankadziwika m'mabwalo onse ngati munthu wosunga mwambowu, womwetulira ngakhale zitamuipira, ndipo adani ake a pabwalo ndi amene ankanena zimenezi koposa.

Chaka cha 2014 chidayamba moipa. Pa Olimpiki ya ku Sochi, Norway ndi Great Britain zidafanana mapointi, motero zidasewera masewera apadera olimbirana malo a m'semifainolo. Norway inkatsogola polowa chigawo chomaliza, koma Murdoch, amene ankatsogolera Great Britain, ndi mwala wotsiriza, adasankha njira yovuta, adachotsa miyala ya Norway n'kutenga mapointi awiri. Zidatha 6-5, ndipo Ulsrud adamaliza pa nambala 5.

Patatha milungu isanu ndi umodzi anali ku Beijing pa mpikisano wa dziko lonse. M'ndime yomaliza adakumana ndi Sweden yotsogoleredwa ndi Oskar Eriksson, mnyamata wochepera kwa iye ndi zaka pafupifupi 20, ndipo adaithambitsa 8-3. Ulsrud anali ndi zaka 42. Zinali zitatha zaka 16 chiyambire kulimbira chikhochi, ndi zaka 26 chichitengere Ramsfjell ku Lausanne, nthawi yonseyo amuna a ku Norway osachikhudza. Trulsen, amene kale adamutsekera njira, tsopano anali mphunzitsi wa timuyo. Chaka chotsatira ku Halifax Ulsrud adafikanso m'ndime yomaliza, Edin n'kumulanda chikhocho.

Masewerawo ankasintha iye ali m'kati. Mu 2015 kudabwera matsache a nsalu yatsopano yokanda madzi oundana, moti osesa ankatha kuwongolera mwala woponyedwa molakwika mpaka kukafika kumene akufuna. Osewera otchuka adadandaula kuti luso la dzanja latha ntchito, ndipo mu 2016 bungwe loyendetsa curling padziko lonse lidalamula kuti onse azigwiritsa ntchito nsalu ya mtundu umodzi. Nthawi yomweyo matimu a ku Sweden, Scotland ndi Switzerland ankadzaza ndi anyamata ophunzitsidwa ngati othamanga enieni. Pa Olimpiki ya ku Pyeongchang mu 2018 timu ya Ulsrud idamaliza pa nambala 6, pomwe mendulo ya Norway pa curling idachokera kwa Kristin Skaslien ndi Magnus Nedregotten, amene adalandira buronzi wa masewera a awiriawiri wosewera wa ku Russia atapezeka ndi mankhwala oletsedwa. Mu 2019 anayi aja adalengeza kuti akupatukana.

Ulsrud sadapachike tsache. Adalowa m'timu ya anyamata, Steffen Walstad, Markus Høiberg ndi Magnus Vågberg, maso ali pa Olimpiki ya 2022. Kumapeto kwa 2020 adapezeka ndi khansa. Malo ake m'timuyo adatengedwa ndi Nergård, amene adapita ndi anyamatawo ku Beijing mu Febuluwale 2022 pa Olimpiki yake yachisanu ndi chimodzi. Pa Olimpiki yomweyo Skaslien ndi Nedregotten adakwera kuchoka pa buronzi kufika pa siliva. Thomas Ulsrud adamwalira pa 24 Meyi 2022 ali ndi zaka 50.