Kuphunzira Galamala ya Chiteki: Kuchokera ku Baghdad Kufika ku Zambia

Buku lakale kwambiri lophunzitsa alendo zilankhulo za Chiteki analemba Mahmud al-Kashgari ku Baghdad cha m'ma 1070. Analilemba m'Chiarabu, pofuna kuti Aarabu azimva chilankhulo cha Ateki omwe nthawi imeneyo anali atatenga mphamvu m'derali. Mu ufumu wa Ottoman, Chiteki chinkalembedwa ndi zilembo za Chiarabu, ndipo chinadzaza mawu a Chiarabu ndi Chiperisiya. Wophunzira ankavutika pawiri, chifukwa Chiteki chili ndi mavawelo 8 amene zilembo za Chiarabu sizinkawaonetsa bwinobwino.

Zinthu zinasintha pa 1 November 1928, pamene boma la Mustafa Kemal Atatürk linakhazikitsa zilembo 29 za Chilatini. Mu 1932 kunabadwa bungwe la chilankhulo, lomwe lero limatchedwa Türk Dil Kurumu, ndipo linayamba kuchotsa mawu obwereka n'kuikamo a Chiteki chenicheni. Ntchitoyi inapita patali moti wachinyamata wa ku Istanbul lero samva bwino nyuzipepala ya nthawi ya agogo a agogo ake. Ntchito yophunzitsa alendo inakhazikika mu 1984, yunivesite ya Ankara itatsegula malo otchedwa TÖMER.

Ku Zambia nkhaniyi ndi yadzulodzulo. Turkey inatsegula ofesi ya kazembe ku Lusaka mu 2011, ndipo mu 2018 Pulezidenti Erdoğan anacheza m'dzikoli, ndege za Turkish Airlines n'kuyamba kutera ku Lusaka chaka chomwecho. Khomo lalikulu lophunzirira Chiteki ndi Türkiye Bursları, thandizo la maphunziro lomwe linayamba mu 2012. Wosankhidwa amene sadziwa Chiteki amayamba wathera chaka chathunthu akuchiphunzira asanalowe digiri yake.

Mwana wa ku Chadiza, amene amayankhula Chichewa kunyumba ndi kuphunzira Chinyanja kusukulu, amapita ku Turkey ali ndi poyambira, ngakhale kuti Chichewa ndi Chiteki si zapachibale. Chiteki chimamanga mawu pophatikiza timagawo ku tsinde: ev ndi nyumba, evler ndi nyumba zambiri, evlerimde ndi "m'nyumba zanga". Munthu wozolowera kunena "sindidzakulemberani" m'mawu amodzi sadabwa nazo, kungoti Chiteki chimaphatikiza kumapeto kokha. Nakonso kugwirizana kwa mavawelo si kwachilendo. Mchewa amati phikira koma lembera, vawelo ya tsinde n'kumalamulira yotsatira. Mteki amati evler koma okullar, "masukulu". Mawu oti o amaimira mwamuna kapena mkazi, monga "iye". Magulu a mayina, omwe amasautsa alendo ophunzira Chichewa, m'Chiteki mulibe.

Povuta ndi pena. Mneni amabwera kumapeto kwa chiganizo, choncho womvera amadikira mpaka woyankhula amalize. Mavawelo ö, ü ndi ı yopanda kadontho sapezeka m'Chichewa, ndipo lilime limachedwa kuwazolowera. Palinso nthawi yakale yapawiri: geldi amanena amene waona yekha munthu akubwera, pamene gelmiş amanena wongouzidwa kapena wongoona zizindikiro, pomwe Mchewa akanayamba ndi "akuti".