Matenda a shuga ku Kaliyeka, kale ndi lero

Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, anthu anachuluka m'makomboni ngati Kawale, Biwi ndi Kaliyeka, ndipo kadyedwe kanasintha. Mandasi, nsima yoyera ndi tiyi wa shuga wambiri zinakhala za tsiku ndi tsiku. Nthawiyo matenda a shuga ankati ndi a mabwana. Wosauka akamaonda n'kumakodza pafupipafupi, ena ankaganizira ufiti.

Kafukufuku wa 2009 anapeza kuti pafupifupi akuluakulu 6 mwa 100 aliwonse m'dziko muno anali ndi matenda a shuga. Lero achipatala amalangiza odwala kudya mgaiwa pang'ono ndi masamba ambiri, kuyang'ana mapazi madzulo aliwonse, komanso kusunga insulin mumtsuko wozizira ngati m'nyumba mulibe firiji. Chomvetsa chisoni n'chakuti timapepala toyezera shuga n'todula, choncho ambiri amangoyezetsa tsiku lachipatala lokha.