Ululu wa dzino: kuchokera ku kachirombo mpaka jakisoni wa dzanzi

Mu 1876, ku Cape Maclear, Dr Robert Laws adagoneka mnyamata wina ndi mankhwala a chloroform n'kumuchotsa chotupa chomwe chidali pamwamba pa diso. Mnyamatayo adadzuka osamva kuti mpeni wadutsa pankhope pake. Aka kanali koyamba kuti mankhwala ogonetsa agwiritsidwe ntchito m'dera lino la Africa, patangotha zaka 30 kuchokera pomwe William Morton, dokotala wa mano, adaonetsa mphamvu ya ether ku Boston mu 1846.

Sizodabwitsa kuti mwa omwe adayambitsa nkhondo yolimbana ndi ululu mudali adokotala a mano. Dzino likavuta, ngakhale msodzi wopirira mwera usiku wonse amagwira tsaya n'kusiya ngalawa padoko.

Kwa zaka zikwizikwi anthu ankati m'dzino lowawa muli kachirombo kamene kamaboola. Ku Mesopotamia adalemba zimenezi pamapale, ndipo m'midzi mwathu mawuwa amamvekabe. Pierre Fauchard wa ku France adatsutsa ganizoli m'buku lake la 1728, ndipo mu 1890 Willoughby Miller adafotokoza kuti tizilombo tosaoneka ndi maso timasandutsa zotsekemera kukhala asidi amene amadya dzino.

Nanga ululuwo umayenda bwanji? Nkhope yonse, kuyambira pamphumi mpaka kuchibwano, imamva kudzera mu mtsempha wotchedwa trigeminal, umodzi kumanja wina kumanzere. Uli ndi nthambi zitatu: ya kudiso ndi mphumi, ya nsagwada yam'mwamba, ndi ya nsagwada yam'munsi. Chikuto choyera cha dzino sichimva kanthu. Pansi pake pali gawo lodzaza ndi timabowo ting'onoting'ono tokhala ndi madzi, ndipo m'zaka za m'ma 1960 Martin Brännström wa ku Sweden adaonetsa kuti madziwo akasuntha chifukwa cha chozizira kapena chotsekemera, amadzutsa mitsempha ya m'kati mwa dzino. N'chifukwa chake amene wamung'unya malambe kapena bwemba tsiku lonse, chikutocho n'kuyamba kuperepeseka, mano amayayamira akamwa madzi a mumtsuko.

M'kati mwenimweni mwa dzino mukatupa, zinthu zimafika poipa, pakuti chotupacho chilibe kofutukukira. Ululu umagunda limodzi ndi mtima, ndipo umakula munthu akagona. Popeza nthambi zonse zitatu zimakathira uthenga pamalo amodzi kunsi kwa ubongo, ubongowo umasokonezeka: dzino lam'munsi limamveka m'khutu, ndipo wodwala amatha kulozera dokotala dzino labwinobwino.

Palinso ululu wina womvetsa chisoni, umene John Fothergill adaufotokoza ku London mu 1773. Mtsempha wa trigeminal weniweniwo ndi umene umadwala, ndipo kungosamba kumaso kapena kuombedwa ndi kamphepo kumabweretsa ululu wonga mphezi. Ambiri azulitsa mano abwino chifukwa cha nthendayi, chikhalirecho mankhwala a carbamazepine akhala akuithandiza kuyambira 1962.

Jakisoni wa dzanzi adabwera pang'onopang'ono. Mu 1884 William Halsted adabaya cocaine pafupi ndi mtsempha wa nsagwada yam'munsi, mbali yonseyo n'kuchita dzanzi. Lidocaine, amene amabaya lero pachipatala cha boma ku Mangochi asanazule dzino, adapangidwa ku Sweden mu 1943.

Chomwe chidachedwa kwathu kuno ndi anthu ogwira ntchitoyi. Kwa zaka zambiri odwala mano akhala akudalira madental therapist ophunzira ku Malawi College of Health Sciences, ndipo maphunziro a udokotala wa mano adayamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe tsopano ili mbali ya yunivesite ya KUHeS, mogwirizana ndi University of Glasgow. Ndondomeko ya dziko yokhudza umoyo wam'kamwa idakhazikitsidwa mu 2022. Komabe munthu wa ku Makanjira kapena ku Namwera amayamba wameza panado masabata angapo, poopa ndalama ya ulendo, ndipo pofika pampando wa chipatala tsaya limakhala litatupa, dzino lomwe likadamatidwa n'kungotsala lozula.