Zipangizo zotsogolera chithandizo choyamba pangozi m'boma la Mwanza

Msewu wa M6, womwe umachokera ku Zalewa kudzera pa boma la Mwanza mpaka ku chipata cholowera ku Zobue m'dziko la Mozambique, umadutsamo magalimoto akuluakulu a katundu ndi mabasi usana ndi usiku. Munthu akavulala kapena kukomoka pamsewuwu, oyamba kumufikira amakhala apaulendo anzake, apolisi, ogwira ntchito pachipata kapena ogulitsa manachesi. Ovulala kwambiri amatumizidwa kuchokera pachipatala cha Mwanza kupita ku Queen Elizabeth ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 100.

Koma mtima ukaima, ubongo umayamba kuwonongeka pakangotha mphindi 4 mpaka 6. N'chifukwa chake akatswiri adakonza zipangizo zouza munthu wamba zoyenera kuchita achipatala asanafike.

Njira yotsitsimutsira munthu amene mtima wake waima, yotchedwa CPR, idakhazikika mu 1960 potsatira kafukufuku wa pa Johns Hopkins ku America. Wothandiza amakanikiza pakati pa chifuwa cha munthu wamkulu maulendo 100 mpaka 120 pamphindi, chifuwacho n'kumalowa masentimita 5 mpaka 6. Amene adaphunzira amauzira mpweya kawiri akakanikiza maulendo 30.

Chipangizo choyamba ndi chidole chophunzirira. Cha Resusci Anne chidapangidwa ndi Asmund Laerdal wa ku Norway mu 1960. Zidole zina zamakono zimaonetsa pa nyali kapena pa foni ngati wophunzira akukanikiza mokwanira ndiponso pa liwiro loyenera, kotero kuti amadzikonza yekha nthawi yomweyo.

Chachiwiri ndi makina a AED. Makina onyamulika odzidzimutsa mtima ndi magetsi adayambitsidwa ndi Frank Pantridge ku Belfast mu 1965. A masiku ano amayankhula. Amauza wothandiza pomata timapepala tiwiri pachifuwa, amayeza okha kagundidwe ka mtima, ndipo amalola kutulutsa magetsi pokhapokha ngati n'koyenera. Mabatire ndi timapepalato zili ndi tsiku lothera ntchito, choncho ofesi yogula makinawa iyenera kusankha woayang'anira ndi kuika ndalama zosinthira zinthuzi mu bajeti yake.

Chachitatu ndi foni ya m'manja. Mabungwe a Red Cross m'maiko ambiri ali ndi mapulogalamu a pa foni ofotokoza pang'onopang'ono mmene angathandizire munthu wotsamwa, wopsa ndi moto kapena wotaya magazi. Kuno kwathu, Chipatala Cha Pa Foni chidayamba m'boma la Balaka mu 2011 mothandizana pakati pa Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la VillageReach, ndipo pambuyo pake chidafalikira m'maboma onse kudzera pa nambala yaulere ya 54747. Ntchito yake ndi kupereka uphungu wa zaumoyo, osati kutumiza ambulansi.

Akuluakulu okonza mapulani ayenera kuzindikira kuti chipangizo chilichonse chili ndi malire ake. Makina a AED amathandiza amene mtima wake wasokonekera kagundidwe mwadzidzidzi, koma sathetsa vuto la munthu amene akutha magazi pangozi ya galimoto. Wotereyu amapulumuka wina akapanikiza bala ndi nsalu yoyera, kuonetsetsa kuti akupuma bwino, ndi kupewa kugwedeza khosi lake pomunyamula. Kuwonjezera apo, makina ambiri amayankhula Chingerezi, ndipo foni imafuna moto komanso netiweki, zomwe sizipezeka nthawi zonse kumidzi.

Pachifukwachi, maphunziro ochita ndi manja, monga omwe bungwe la Malawi Red Cross Society limapereka, ayenera kutsogola zipangizo zisanagulidwe. Lusoli limaiwalika pakapita miyezi, choncho apolisi apamsewu, madalaivala, aphunzitsi ndi alangizi a zaumoyo amafunika kulibwereza kawirikawiri.