Za Mbombwe, ndi Mau Akuti Thangata

Ana athu a sukulu tikawafunsa za John Chilembwe sachedwa kuyankha. Atiuza za nkhondo ya 1915, za mutu wa Mzungu wa ku Magomero, za tsiku la 15 January limene sukulu zitsekedwa, ndi za nkhope imene aiona pa ndalama. Zonsezi nzoona. Komatu nkhondo ija inakhala masiku owerengeka okha, kuyambira usiku wa 23 January kufikira 3 February, pamene mudzi wa Mbombwe, m'dziko la Chiradzulu, unali utakhala zaka khumi ndi zisanu mfuti isanalire. Ife tifuna kunena za zaka zimenezo, ndi kufunsa chimene anthu analikuchitsata kumeneko ndi mapazi ao, tsiku ndi tsiku, asanaganize konse za kugwira nthungo.

Tiyambe ndi mau amodzi, ndiwo thangata. Kwa makolo athu mau awa anali okoma. Munthu akachepekedwa manja pa kulima kapena pa kufolera nyumba, anzache anadza kudzamthangata, iye nawaphikira mowa kapena nsima, ndipo mawa lache iye yemwe anapita kukathangata wina. Mfumunso inalandira thangata kwa anthu ache, koma inali mfumu yodziwa maina ao ndi maina a amai ao. Ndipo pamene Azungu anagula maiko akuru m'mapiri a Shire, anatenga mau omwewo nawapatsa nchito yina. Thangata linasanduka mtengo wa malo: munthu wokhala pa dziko la Mzungu anayenera kugwira nchito mwezi umodzi kulipira pogona pache, ndi mwezi wina kulipira msonkho wa Boma. Pa minda ya thonje ya A. L. Bruce ku Magomero, imene William Jervis Livingstone anaiyang'anira, mwezi wa thangata unali ndi chizolowezi cha kutalika kuposa mwezi wa kumwamba, ndipo malipiro nthawi zina anali fodya m'malo mwa ndalama. Chotero mau a chibale anakhala mau a msozi, ndipo kufikira lero nkhalamba zikafuna kutchula nchito yowawa yopanda phindu ziti, Ili ndi thangata.

Amene anasenza katunduyu koposa anali Alomwe, amene masiku aja anatchedwa Anguru. Iwowa anaoloka malire kuchokera ku dziko la Apwitikizi, kuthawa nkhanza za kumeneko, ndipo njala ya 1912 ndi 1913 inaonjeza chiwerengero chao. Anafika opanda mfumu yowalankhulira, opanda manda a makolo ao pafupi, ndi chinenero chimene eni dziko anachiseka. Mlendo wotere sakana mau a kapitao, pakuti akakana adzapita kuti? M'buku la munda iye anali dzanja logwira khasu, lowerengedwa m'mawa ndi madzulo.

Tsono pafupi ndi minda imeneyo, ya maekala oposa 150,000, panali kadziko ka maekala 93. Chilembwe anakagula atabwera ku America m'chaka cha 1900, kumene anaphunzira pa sukulu ya Abaptisti akuda ku Lynchburg, m'dziko la Virginia. Iye yemwe anadziwa kuti kukhala wanchito nkutani, pakuti m'chaka cha 1892 analowa nchito ya m'nyumba kwa Joseph Booth, nalera kamwana kache Emily pa kudwala kwache. Ndipo mbuye ndi wanchito anasanduka mabwenzi, napita pamodzi tsidya la nyanja m'chaka cha 1897. Pa kadziko kaja anamanga Providence Industrial Mission. Anadza kudzamthandiza Landon Cheek m'chaka cha 1901 ndi Emma Delaney m'chaka cha 1902, onse awiri anthu akuda a ku America, zidzukulu za akapolo. Tiganize kudabwa kwa Mlomwe woona munthu wa khungu longa lache, wochokera kutali kopambana kumene anachokera Mzungu wa munda, alikumfunsa dzina ndi kulilemba m'buku la mpingo.

Nanga analikuchitanji kumeneko? Zinthu zazing'ono, zimene olemba mbiri azidumpha. Analikuumba njerwa ndi kuziocha. Analikubzala khofi ndi thonje pa munda wao wao. Ana analikuphunzira kuwerenga ndi kulemba, ndi akuru omwe, ndipo pofika 1912 sukulu za Mbombwe ndi nthambi zache zinali ndi ana ngati 1,000. Mai Ida Chilembwe anasonkhanitsa akazi kuwaphunzitsa kusoka. M'chaka cha 1909 amuna a malonda ndi a minda anapangana bungwe lochedwa Natives' Industrial Union, kuti athangatane pa malonda ao. Ndipo m'chaka cha 1913 anatsiriza nyumba ya Mulungu ya njerwa, yaikuru, yooneka patali, yomangidwa ndi manja a Ayao, Amang'anja ndi Alomwe pamodzi. Amene anasenza njerwazo sanalipidwe zambiri, kapena sanalipidwe konse, monga momwe sanalipidwire ku Magomero. Koma ife tiyesa kuti palibe mmodzi wa iwo amene akadasokoneza nchito ziwirizo. Ku Mbombwe mau aja akale anabwerera kwao.

Pali chinthu china chimene ena achiseka, ndipo ife sitichiseka. Pa zithunzi zimene zinatsala, Chilembwe aoneka wobvala jekete ndi kolala, ndi mkazi wache m'chobvala chachitali cha manja. Ndipo analimbikitsa anthu ache kubvala bwino ndi kusamala nyumba zao. Anzeru ena a masiku ano ati uku kunali kutsanza Azungu chabe. Koma aiwala kuti masiku aja munthu wakuda wobvala chipewa anayenera kuchibvula pokomana ndi Mzungu ali yense panjira, ngakhale Mzunguyo asabwezere ulemu, ndipo wozengereza anamva mau aukali akuti, Chotsa chipewa! Mlandu umenewu wa chipewa unamvekanso pamaso pa akuru amene Boma linawaika kufunsa chiyambi cha nkhondo ija. Pamene chipewa chiri mlandu, kuchibvala sikutsanza ai. Mkazi wosoka yekha malaya a mwana wache, ndi mwamuna wolowa m'kachisi ndi nsapato zimene anagula ndi thonje lache, analikunena ndi thupi lao chimene pakamwa sipakadatha kunena pabwalo: kuti ali munthu, mwini dzina, wosiyana ndi mnzache wa pambali. Ife aphunzitsi tichidziwa ichi pang'ono, pakuti taona momwe mwana wa chaka choyamba aongokera msana tsiku limene alemba dzina lache yekha.

Livingstone anachizindikira bwino lomwe chimene chinalikumera. Sanalole sukulu kapena nyumba za mapemphero za Mbombwe pa dziko la Bruce, ndipo zimene anthu anamanga ndi udzu zinatenthedwa. Pamenepo inadza nkhondo ya Azungu ya 1914, ndipo anthu a dziko lino anafa ku Karonga pa mlandu umene sanaudziwe. M'mwezi wa November Chilembwe analembera nyuzi ya Nyasaland Times, kufunsa chifukwa chache amphawi opanda kanthu m'dziko aitanidwa kukafa, ndi kusiya akazi amasiye ndi ana, pamene pa nthawi ya mtendere sawerengedwa kanthu. Boma linaletsa kalatayo. Patapita miyezi iwiri anthu ache anapha Livingstone ndi Azungu ena awiri pa mindayo, osapweteka akazi ndi ana. Anayesa kulanda mfuti ku Mandala, nalephera. Anatentha misioni ya Akatolika ku Nguludi, imene sinawalakwire. Sitibisa kuti mwazi unakhetsedwa, ndipo za mutu uja woikidwa pamaso pa mpingo tsiku la Mulungu sitipeza mau okometsa. Chilembwe anaomberedwa pa 3 February kufupi ndi Mulanje. John Gray Kufa, wodziwa za mankhwala, ndi Duncan Njilima, wamalonda, anaphedwa ndi Boma pamodzi ndi ena ambiri. Asilikari anagumula nyumba ija ya njerwa ndi wonga, isanathe zaka zitatu chiimire.

Akadakhala kuti anthu anatsata mfuti yokha ku Mbombwe, nkhani ikadathera pa mulu wa njerwa umenewo. Koma panali mnyamata wina wa ku Chiradzulu komweko, Daniel Malekebu, amene anali wanchito ndi wophunzira wa Emma Delaney. Mai uja atabwerera kwao, mnyamatayo anathawa kwa abale ache, nayenda pansi kufikira ku Beira, nagwira nchito m'ngalawa kuti amtsate. Anaphunzira ku America kufikira anatsiriza za using'anga pa Meharry Medical College, ku Nashville, m'chaka cha 1917. Pofuna kubwera kwao m'chaka cha 1921 Boma linamkaniza, ndipo anakakhala ku Liberia. M'chaka cha 1926 analoledwa, nafika ku Mbombwe ndi mkazi wache Flora. Zaka khumi ndi chimodzi mpingo unali woletsedwa, koma anthu sanabalalike mumtima. Atamva kuti mwana wa pamudzi wabwera, anaturuka m'midzi nadza kudzalembetsanso maina ao.

Malekebu sanagwire mfuti. Anatsegula sukulu, nachiritsa odwala, ndipo m'chaka cha 1929 anayambitsa Chiradzulu Native Association, kumene mafumu ndi anthu wamba anakhala pamodzi kukambirana za malo, za msonkho ndi za thangata, ndi kulembera Boma madandaulo ao. Mabungwe otere a m'maboma ndiwo anakonza njira ya Nyasaland African Congress ya 1944, ndipo thangata linathetsedwa ndi lamulo m'chaka cha 1962, Malekebu akali moyo. Koma nchito imene anthu a Mbombwe anaifulumira koposa atangosonkhananso inali yomweyo ya kale. Anakumba dothi, naponda matope, naumba njerwa, akazi natunga madzi kumtsinje. Ndipo pafupi ndi pamene panagwa nyumba yoyamba anamanga yina, imene iripo kufikira lero.