Kamera Yosintha Malenzi ndi Kamera Yam'thumba

Makamera a digito amagawidwa m'magulu awiri akuluakulu. Gulu loyamba ndi la makamera amene lenzi yake imachotsedwa n'kuikapo ina malinga ndi ntchito imene ilipo. Amenewa ndi amene amakolekedwa m'khosi mwa atolankhani, ojambula maukwati, ojambula mpira ndi ojambula nyama zakutchire, ndipo alipo a mitundu iwiri, DSLR, yokhala ndi kagalasi m'kati, ndi mirrorless, yopanda kagalasiko. Gulu lachiwiri ndi la makamera ang'onoang'ono otchedwa compact, amene lenzi yake inamangidwiratu kufakitale ndipo sichoka. Ambiri mwa iwo amakwana m'thumba la malaya. Posankha pakati pa magulu awiriwa, ogula ambiri amathamangira kufunsa kuchuluka kwa ma megapixel, chonsecho kusiyana kwenikweni kwagona pa kukula kwa sensa, ubwino wa lenzi, ndi katundu amene munthu angalolere kuyenda naye tsiku lonse.

Mbiri

Kamera yaing'ono yogwiritsa ntchito filimu ya 35mm inatchuka chifukwa cha Leica, imene Oskar Barnack anakonza pa kampani ya Ernst Leitz mumzinda wa Wetzlar ku Germany. Inayamba kugulitsidwa mu 1925, ndipo mu 1930 panatuluka mtundu wake umene lenzi inkatheka kumasulidwa. Chithunzi chilichonse pa filimuyo chinkakhala cha mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi, ndipo muyeso umenewu ndi umene mpaka lero umatchedwa full frame. Mu 1936 kampani ya Ihagee ya ku Dresden inatulutsa Kine Exakta, yokhala ndi kagalasi m'kati kamene kankaonetsa wojambula ndendende zimene lenzi ikuona. Nikon F ya mu 1959 ndi imene inachititsa kuti atolankhani ambiri akhazikike pa makamera a mtundu umenewu, ndipo polumikizira lenzi pake panagwiritsidwa ntchito kwa zaka zoposa 60. Canon inayambitsa makamera ake a EOS mu 1987.

Kujambula popanda filimu kunayambira ku United States. Mu 1969 Willard Boyle ndi George Smith a ku Bell Labs anatulukira CCD, kachipangizo kosandutsa kuwala kukhala mphamvu ya magetsi, ndipo ntchitoyi inawabweretsera mphoto ya Nobel mu 2009. Mu 1975 Steven Sasson, injiniya wa kampani ya Kodak ku Rochester, anagwiritsa ntchito CCD popanga kamera yoyamba ya digito. Inkalemera makilogalamu pafupifupi 3.6, inkajambula chithunzi chopanda mitundu cha timadontho 10,000 tokha, ndipo pankadutsa masekondi 23 kuti chithunzi chimodzi chilowe pa kaseti. Kodak yomweyo ndi imene mu 1991 inagulitsa kamera yoyamba ya digito yosintha malenzi. Anatenga thupi la Nikon F3 n'kuikamo sensa ya ma megapixel 1.3, ndipo wojambula ankayenda ndi bokosi lina lapadera losungiramo zithunzi. Nikon D1 ya mu 1999 inakokera manyuzipepala ambiri ku digito, kenaka Canon EOS 300D ya mu 2003, imene mtengo wake unali wosafika madola 1,000, inatsegulira khomo anthu wamba.

Makamera am'thumba anali ndi ulendo wawo. Casio QV-10 ya mu 1995 inali ndi sikirini kumbuyo, moti munthu ankaona chithunzi atangojambula, n'kufufuta ngati sichinaoneke bwino. Sony inayamba makamera a Cyber-shot mu 1996, ndipo Canon inatulutsa Digital IXUS mu 2000. Kwa zaka 10 zotsatira, kamera yam'thumba inali m'nyumba zambiri padziko lonse. Malinga ndi bungwe la CIPA, la makampani opanga makamera ku Japan, mu 2010 panatumizidwa kumisika makamera a digito pafupifupi 121 miliyoni, ndipo ochuluka zedi anali am'thumba. Kuchokera pamenepo malonda analowa pansi chifukwa cha mafoni okhala ndi kamera. Pofika 2023 chiwerengero chonse chinali chosafika 8 miliyoni, ndipo am'thumba sanakwane ngakhale 2 miliyoni. Kodak inalengeza kuti yagwa pa chuma mu January 2012, ndipo Casio inasiya kupanga makamera am'thumba mu 2018.

Nthawi yomweyo makamera osintha malenzi nawo ankasintha. Mu 2008 Panasonic inatulutsa Lumix G1, yopanda kagalasi kam'kati kaja, ndipo mtundu umenewu ndi umene umatchedwa mirrorless. Sony inatulutsa a7 ya full frame mu 2013, Canon ndi Nikon n'kutsatira mu 2018. Lero makamera atsopano ambiri a akatswiri ndi a mirrorless, ndipo ma DSLR akuchuluka pamsika wa zogwiritsidwa kale ntchito. Kamera yam'thumba sinatheretu. Imene inapulumuka ndi imene imachita zomwe foni singathe. Sony RX100 ya mu 2012 inabwera ndi sensa yokulirapo, Fujifilm X100 ndi Ricoh GR zili ndi sensa yofanana ndi ya ma DSLR ambiri, ndipo X100VI itatuluka mu 2024 inasowa m'masitolo chifukwa cha kuchuluka kwa oifuna.

Mmene amagwirira ntchito

Kuwala kumalowa pa lenzi n'kukafika pa sensa, ndipo kakompyuta kam'kati kamasandutsa zimenezo kukhala chithunzi. Mu DSLR kagalasi kamakwera m'mwamba munthu akadina batani, pamene mu mirrorless ndi mu kamera yam'thumba kuwala kumapita pa sensa mwachindunji.

Chofunika kumvetsa ndi kukula kwa sensa. Ya full frame ndi ya mamilimita 36 ndi 24. Ya APS-C, imene ili m'makamera ambiri oyambira, ndi ya pafupifupi 23.5 ndi 15.6. Ya RX100 ndi ya 13.2 ndi 8.8, pamene kamera yam'thumba wamba ili ndi kasensa ka mamilimita pafupifupi 6.2 ndi 4.6. Izi zikutanthauza kuti full frame imaposa kasensa kameneka kuwirikiza pafupifupi 30. Zili ngati kutchera madzi a mvula: beseni ndi kapu zikaikidwa panja nthawi imodzi, beseni limatunga ambiri. N'chifukwa chake makamera awiri onse olembedwa ma megapixel 20 amatulutsa zithunzi zofanana masana dzuwa likuswa mtengo, koma kukayamba kuda, yaing'onoyo imatulutsa chithunzi chamchengamchenga. Sensa yaikulu imathandizanso kuti munthu wojambulidwa aoneke bwinobwino pamene zakumbuyo kwake zazimiririka.

Zoganizira posankha

Wogula kamera yosintha malenzi ayenera kudziwa kuti kugula sikuthera pa tsiku loyamba. Makampani ambiri ali ndi polumikizira pawopawo, moti lenzi ya Canon silowa pa Nikon popanda chida chapakati, ndipo amene wasonkhanitsa malenzi a kampani imodzi zimamuvuta kusamukira kwina. Thupi la kamera limatha kapena kutsalira m'mbuyo pakapita zaka zingapo, koma lenzi yabwino imakhalitsa ndipo nthawi zambiri ndi imene imadya ndalama zambiri. Makamera ambiri oyambira a DSLR amabwera ndi lenzi ya 18-55mm, imene si yamphamvu m'malo amdima. Lenzi ya 50mm f/1.8 ndi yotsika mtengo ndipo imasintha kwambiri maonekedwe a zithunzi za anthu. Ndi imene woyamba kumene ayenera kuiganizira asanalakelake thupi lina lodula.

Kulemera nako si nkhani yaing'ono. Nikon D850 yokha imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi, ndipo lenzi ya DSLR ya 70-200mm f/2.8 imawonjezera pafupifupi kilogalamu ndi theka. RX100 yoyamba inkalemera magalamu 240. Anthu ambiri amene anagula kamera yaikulu kuti azijambula ana awo amaisiya m'kabati patapita miyezi yochepa, chifukwa popita kutchalitchi kapena kumudzi sangamayende ndi chikwama chake nthawi zonse. Kwa munthu wotere, kamera yam'thumba ya sensa yokulirapo ndi yoyenera. Kamera yam'thumba yotsika mtengo kwambiri, ya kasensa kakang'ono kaja, siiposa foni yabwino ya masiku ano, ndipo kuigula n'kutaya ndalama pokhapokha ngati munthu akufuna zumu.

Pali gulu lina lapakati, la makamera ooneka ngati DSLR koma lenzi yake yosachoka. Nikon Coolpix P900 ya mu 2015 ili ndi zumu ya maulendo 83, ndipo P1000 ya mu 2018 ya maulendo 125. Sensa yake ndi yaing'ono, choncho amafuna kuwala kokwanira.

Ntchito yake ku Malawi

Kwathu kuno kamera imaoneka kwambiri pa ukwati ndi pa chinkhoswe, ndipo pamenepa m'pamene kusiyana kwa magulu awiriwa kumaonekera poyera. M'tchalitchi kuwala kumakhala kochepa, ndipo abusa ena salola fulashi pa nthawi ya malumbiro. Wojambula amaima chapatali ndi lenzi yaitali kuti agwire mphete ikulowa pachala popanda kutchinga mpingo. Akafika kuholo pa perekaniperekani zinthu zimasintha. Anthu akuvina motsogozana, ndalama zikuuluka kugwera m'mbale, mkwatibwi akumwetulira kamphindi kenaka n'kuzyolika, ndipo zonsezi zikuchitika pansi pa mababu ofooka. Kamera yam'thumba wamba imachedwa kupeza nkhope, ndipo ikamadzajambula, azakhali amene amafupa aja atembenuka kale. Wojambula waluso amasintha lenzi n'kuika yaifupi yotenga gulu lonse, kapena amayenda ndi makamera awiri, imodzi paphewa lililonse. Makamera ambiri a akatswiri alinso ndi malo a memori khadi awiri, kuti ina ikawonongeka zithunzi zipulumukire pa inzake. Ukwati subwerezedwa, ndiye wolipidwa kuti aujambule sayenera kudalira khadi imodzi.

Palinso ojambula oyendayenda, amene amapezeka pa miyambo yomaliza maphunziro, pamisonkhano ya mipingo ndi pamadyerero. Amajambula anthu akamalowa, n'kuthamangira kukatsukitsa zithunzi, ndipo mwambo ukamatha amakhala atayala zithunzizo pakhomo kuti aliyense adzipeze n'kugula chake. Ntchito imeneyi ndi imene inaphunzitsa ana ambiri sukulu kuyambira nthawi ya filimu. Ambiri mwa ojambulawa amagwiritsa ntchito DSLR yoyambira, yogulidwa kale ndi wina, ndi lenzi imodzi basi. Sikuti chithunzi chaching'ono chotsukidwa chimafuna sensa yaikulu, koma kamera yooneka yolemera imapatsa makasitomala chikhulupiriro, ndiponso batire yake imakhalitsa. DSLR ikhoza kujambula zithunzi pafupifupi 1,000 kapena kuposerapo isanatchajidwenso, pamene yam'thumba imathera pa 200 kapena 300. Kumalo kumene magetsi kulibe kapena amazimazima, zimenezi n'zofunika kuposa ma megapixel.

Kukula kwa kamera kuli ndi kuipa kwakenso. Pamsika, pamaliro kapena pabwalo lamilandu kwa mfumu, munthu akatulutsa kamera yaikulu onse amatembenuka, ana amaunjikana, akuluakulu amayamba kufunsa kuti zithunzizo zikupita kuti. Ogwira ntchito za chitukuko ndi ofufuza amene amalemba malipoti akumidzi nthawi zambiri amathandizidwa bwino ndi kamera yaing'ono, imene siisokoneza zochitika. Kupempha chilolezo kumafunika ndithu, kaya kamera ndi yaikulu kapena yaing'ono, makamaka pa miyambo monga Gule Wamkulu.

Wojambula mpira pa Bingu National Stadium kapena pa Kamuzu Stadium sangachitire mwina koma kukhala ndi kamera yosintha malenzi, yofulumira kutsatira wosewera. Chimodzimodzinso wofuna mbalame ku Liwonde kapena ku Nyika, m'dziko lino limene lili ndi mitundu ya mbalame yoposa 600, amafunika lenzi ya 400mm kapena yoposerapo, ndipo amene sangakwanitse mtengo wake amapeza mpumulo mu makamera a zumu yaitali aja. Kunyanja zinthu zimatembenuka. Ku Cape Maclear, kumene nsomba za mbuna za mitundu yowala zimasambira pafupi ndi miyala m'madzi oyera, kamera yam'thumba yosalowa madzi monga Olympus Tough, imene imapirira kuya kwa mamita 15, imachita ntchito imene kamera yaikulu singachite popanda chikuto chodula kwambiri. Munthu amangoimangirira padzanja n'kulowa nayo m'madzi.



Kasamalidwe ndi kugula yogwiritsidwa kale ntchito

Nyengo yathu imavutitsa makamera m'njira ziwiri. M'miyezi ya September ndi October fumbi limalowa pa sensa nthawi imene lenzi yachotsedwa, ndipo limaoneka ngati timadontho takuda pa zithunzi za thambo. Posintha lenzi, kamera iziyang'ana pansi ndipo munthu afulatire mphepo. Kamera yam'thumba nayo imakoka fumbi lenzi ikamatuluka ndi kulowa, ndipo likalowa kulichotsa kumafuna kumasula kamera yonse. M'nyengo ya mvula, komanso m'madera achinyezi monga Thyolo, Mulanje ndi Nkhata Bay, malenzi amachita nkhungu m'kati ngati asungidwa m'chikwama chotseka kwa nthawi yaitali.

Wogula kamera yosintha malenzi imene inagwirapo kale ntchito afunse kuti yajambula zithunzi zingati, chifukwa shutter, kachitseko kamene kamatseguka pojambula, ili ndi malire. Ya makamera oyambira inapangidwa kuti ipirire maulendo pafupifupi 100,000, ndipo ya akatswiri 200,000 kapena kuposa. Aunike lenzi ndi tochi kuti aone ngati mulibe nkhungu kapena zokanda, ajambule khoma loyera kuti madontho a pa sensa aonekere, ndipo atsimikize kuti batire ndi tchaja ya mtundu umenewo zikupezeka m'masitolo a ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu asanapereke ndalama.